ULUSI WA PAMWAMBA NDI ULUSI WA PANSI

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wopita kumpoto akangowoloka mtsinje wa Bua, ndiye kuti walowa m'boma la Kasungu. Dziko lake ndi lachidikha, ndipo maso amaona kutali mpaka kukafika pa phiri la Kasungu limene lidangoima lokha pakati pa minda. Kuno ndi kwawo kwa fodya. M'mbali mwa msewu mumaoneka zigafa zoyanikamo fodya wa bale, komanso nyumba zazitali za njerwa zimene amaumitsiramo fodya wina ndi moto.

Msika wa fodya umatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo. Kuyambira pamenepo magalimoto amapezana pa Chinkhoma, pamene pali nyumba zazikulu zogulitsiramo mabelo. Ndalama zikayamba kulowa m'midzi, anthu ena amene sagona tulo ndi atelala. Pa makonde a masitolo, kaya ndi pa Chinkhoma pomwepo, pa Santhe, pa Chatoloma, kwa Wimbe kapena pa boma penipeni, makina osokera amalira kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa. Wina wabwera ndi chitenje kuti amusokere diresi, wina akufuna kufupikitsa buluku la pakaunjika, ndipo winanso wanyamula nsalu ya khaki ya makabudula a ana, pakuti sukulu zimayamba chaka chatsopano mu Sepitembala.

Mlimi wa fodya amaona ndalama kamodzi pa chaka. Nsalu imene wagula lero adayamba kuivutikira chaka chatha, pamene ankathirira nazale dzuwa likuswa mtengo. Motero akaipereka kwa telala amakhala atapereka thukuta lake. Ngati kabudula aphulika msoko mwana atangomuvala milungu iwiri, kholo silikhala ndi ndalama zogulira nsalu ina, ndipo mbiri ya telala uja imaipa m'mudzi monse. Kawirikawiri chimene chimalakwika pa chovala chotere si nsalu ayi, sindiyenso muyeso. Ndi kanthu kamene anthu ambiri sakaganizira n'komwe, ndiko kukungika kwa ulusi.

Kukunga ndiko kukoka chinthu kuti chilimbe, monga momwe mlenje amakungira nsinga ya uta, kapena mmisiri chikopa cha ng'oma. Ng'oma yosakungika siilira, ndipo yokungitsa imang'ambika. Ulusi wa m'makina nawonso uli ndi mlingo wake wa kukungika. Atelala ambiri mlingo umenewu amangoutcha tenshoni, mawu ochokera ku Chingerezi.

Pa khonde lina pa Chinkhoma padali mnyamata amene ankaphunzira kusoka kwa amalume ake. Tsiku lina amalumewo adamupatsa kabudula wa khaki kuti alumikize m'mbali, iwo n'kuyamba kudula nsalu ina patebulo. Mnyamatayo adapalasa makina mwachangu, ndipo poyang'ana pamwamba msoko udaoneka wowongoka bwino. Koma atatembenuza nsalu adangoti kukamwa yasa. Kunsi konse ulusi udali lendelende, wopiringizana ngati ndevu za chimanga.

Iye adaganiza monga momwe aliyense akadaganizira. Popeza chisokonezo chidali kunsi, ndiye kuti cholakwika chidalinso kunsi. Adapisa dzanja pansi pa makina, natulutsa kanyumba kachitsulo kosungiramo bobini, natenga kachitsulo komasulira masikuluu.

"Taima, mphwanga," adatero amalume aja, sizasi ili m'manja. "Ukufuna kutani nako kameneko?"

"Ulusi wapansi wakhwepa, amalume. Ndimati ndimange kasikuluu aka."

"Kabweze momwe unakapeza. Tagwira ulusi umodzi wa lendelendewo, uukoke, uone kumene ukuchokera."

Mnyamata adakoka, ndipo adadabwa kuona kuti umene ukusuntha ndi ulusi wa pamwamba pa nsalu. Chisokonezo chonse chija chidali cha ulusi wochokera ku singano. Ulusi wa pa bobini udangogona mowongoka pakati pa mnzakewo, wopanda mlandu uliwonse. Kuti munthu amvetse chifukwa chimene ulusi wapamwamba udakasokonezekera kunsi, ayenera kuyamba wadziwa momwe makina amasokera.

Momwe makina amalukira msoko

Munthu wosoka pamanja amagwiritsa ntchito ulusi umodzi. Singano imalowa m'nsalu, imatulukira kuseri yonse yathunthu, kenaka n'kubwerera. Umu ndi momwe alimi amasokera chiguduli pa belo la fodya. Makina sangathe kutero, chifukwa singano yake ndi yomangirira kumwamba ndipo singadutse yonse. N'chifukwa chake diso la singano ya makina lili kunsonga, ndiponso makina amasoka ndi maulusi awiri. Wina umachokera pa mpukutu umene umakhala pamwamba pa makina. Winawo umakulungidwa pa bobini, kagudumu kakang'ono kamene kamakhala m'kanyumba kake kunsi kwa singano.

Singano ikatsika imaboola nsalu itanyamula ulusi wapamwamba. Ikangoyamba kubwerera, ulusi uja umatsalira pang'ono kunsi ndi kupindika ngati kakhwekhwe kotchera mbalame. Nthawi yomweyo kangowe kachitsulo kamakola kakhwekhweko, kamakakuza, n'kukazunguliza kanyumba ka bobini konse, kotero kuti ulusi wapansi umapezeka uli m'kati mwake. Tsono kamkono kamene kamakwera ndi kutsika kumaso kwa makina kamakoka ulusi wapamwamba, kakhwekhwe kaja n'kufupika mpaka kutsekeka. Apo ndiye kuti maulusi awiri akolana. Mano a makina amakankha nsalu pang'ono, singano n'kutsikanso. Telala wozolowera akamapalasa, zonsezi zimachitika kangapo pa sekondi iliyonse, mwakuti maso sangazitsatire.

Nzeru imeneyi sidabwere tsiku limodzi. M'chaka cha 1830 telala wina wa ku France, dzina lake Barthélemy Thimonnier, adapanga makina osoka ndi ulusi umodzi. Msoko wake udali wofanana ndi umene umaoneka pakamwa pa thumba la feteleza, uja munthu akapeza nsonga yoyenera n'kukoka umangomasuka wonse. Ku America, Elias Howe adalandira chikalata cha boma chotetezera makina ake a maulusi awiri okolana m'chaka cha 1846, ndipo Isaac Singer adalandira chake m'chaka cha 1851. Pambuyo pake kampani ya Singer idamanga fakitale yaikulu ku Clydebank m'dziko la Scotland, imene idatsekedwa m'chaka cha 1980. Makina ena akuda okhala ndi maluwa agolide amene amaoneka pa makonde a ku Kasungu ndi a Singer akalekale, pamene ena ndi a Butterfly ochokera ku Shanghai m'dziko la China. Pamene pali magetsi, atelala ena adamangirira kamota m'malo mopalasa ndi mapazi. Komabe kasokedwe kake n'kamodzimodzi.

Kukokana chingwe

Pamene maulusi awiri akolerana pamakhala kamfundo, ndipo nkhani yonse yagona pa malo amene kamfundoko kakhazikika. Pa masewera a sukulu pamakhala mpikisano wokokana chingwe. Pakati pa chingwe amamangapo kansalu, ndipo pansi amalemba mzera. Magulu awiri akakhala ndi mphamvu zofanana, kansalu kamakhala pamwamba pa mzera osasuntha. Gulu lina likaposa, kansalu kamapita mbali yake. M'makina zilinso choncho: ulusi wapamwamba ukukokera kumwamba, wapansi ukukokera kunsi, ndipo kamfundo ndiko kansalu kaja. Kusiyana kwake n'kwakuti pa masewera anthu amafuna kuti gulu lina lipambane, pamene m'makina kupambana kwa ulusi umodzi ndiko kuonongeka kwa chovala.

Mphamvu zikafanana, kamfundo kamabisala m'kati, pakati pa nsalu ziwiri zimene zikulumikizidwa. Msoko wotere umaoneka chimodzimodzi pamwamba ndi kunsi, ndipo chala chikamayenda pamenepo sichimva zokhakhala. Umalimba chifukwa ulusi uliwonse walowa m'nsalu ndi kutuluka, motero chovala chikakokedwa maulusi onse awiri amathandizana katundu.

Ulusi wapamwamba ukakungika kwambiri umakokera mnzake pamtunda. Iwo umagona mowongoka pamwamba pa nsalu ngati waya, ndipo wapansi umaonekera timadonthotimadontho. Nsalu yopyapyala imachita makwinya m'mbali mwa msoko, makwinya amene ngakhale simbi ya makala siingathe kuwathetsa. Nthawi zina ulusi umangoduka munthu ali m'kati mosoka.

Ulusi wapamwamba ukakhwepa zimatembenuka. Kamkono kaja kakamakwera, m'malo motseka kakhwekhwe kamangosolola ulusi wina kuchokera pa mpukutu, popeza palibe chougwira. Timakhwekhwe tonse timatsala kunsi tili yasa. Izi ndi zimene zidachitikira mnyamata wa pa Chinkhoma. Chilema chidaonekera kunsi, koma gwero lake lidali kumwamba, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokerera. Amalume ake adamuuza kuti agwire nsonga ya ulusi wapansi n'kukoka. Ulusiwo udasololoka wonse kuyambira m'chiuno mwa kabudula kufikira kumwendo, nsalu ziwiri zija n'kulekana. Kabudula ameneyu sakadatha ngakhale tsiku limodzi pa bwalo la mpira.

Zimathekanso kuti maulusi onse awiri alakwike pamodzi, kamfundo kali pakati ndithu. Onse akakungitsa, msoko umakhala wouma, ndipo mwana akangonjuta umaduka kuti phi. Onse akakhwepa, munthu akakoka nsalu uku ndi uku msoko umaseka, maulusi ali mbee ngati mano.

Timbale tiwiri

Chimene chimagwira ulusi wapamwamba ndi timbale tiwiri tachitsulo toyang'anizana, timene tili chakumanzere kwa makina, pamwamba pa singano. Ulusi umadutsa pakati pa timbaleti, ndipo sipuling'i imatikanikiza kuti tiupane. Kunja kwake kuli nati yopotokola ndi zala. Munthu akaipotolera kumanja, monga momwe mivi ya wotchi imayendera, timbale timapana kwambiri ndipo ulusi umakungika. Akaipotolera kumanzere ulusi umakhwepa. Pa makina ambiri pamalembedwa manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndipo nsalu wamba imasokeka bwino nati ikakhala pafupi ndi 4. Makina akale kwambiri alibe manambala. Mwini wake amangodziwira m'zala, pokoka ulusi ndi kumva kulemera kwake.

Koma pali chinsinsi china chimene sichioneka kunja. Pafupi ndi singano pali kaphazi kachitsulo kamene kamapondereza nsalu, ndipo kumbuyo kwa makina kuli kachogwirira kokwezera ndi kutsitsira kaphaziko. Kaphazi kakakwezedwa, timbale tija timatseguka tokha. Kakatsitsidwa, timatsekeka. Opanga makina adatero kuti wosoka azitha kusolola nsalu akamaliza msoko popanda kupinda singano.

Tsono mnyamata uja ulusi udamudukira asadayambe kabudula, ndipo adaulowetsanso mofulumira kaphazi kali pansi. Popeza timbale tidali titatsekeka, ulusi sudalowe pakati pake. Udangoyenda m'mphepete, wopanda chougwira. Ngakhale akadapotokola nati mpaka pa 9, palibe chikadasintha.

"Kweza phazi," adatero amalume ake. "Tsono chotsa ulusi wonse uyambirenso pa mpukutu. Usadumphe ngakhale kabowo kamodzi."

Mnyamata adaupititsa m'njira yake yonse: m'kangowe ka pamwamba, pakati pa timbale, pansi pa kawaya kopyapyala kamene kamanjanja pambali pa timbaleto, m'diso la kamkono, kenaka kutsikira ku singano.

"Tsitsa phazi. Koka ulusi. Ukumva bwanji?"

"Ukulemera tsopano, amalume."

"Kwezanso."

"Wapepuka."

"Basi, makina achira. Sitinamange chilichonse."

Nthawi zambiri zimatha chomwechi. Mwa zovuta zimene anthu amanamizira nati ndi kasikuluu, zochuluka zimachokera kwina, ndipo telala wodziwa ntchito amayamba wafufuza kwinako. Munthu wofulumira kupotokola amangoonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo pofika madzulo sadziwanso pamene makina adali m'mawa.

Fumbi, singano ndi ulusi

Mdani wamkulu wa makina ku Kasungu ndi fumbi. Kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula itagwa, minda imakhala poyera, mphepo imaomba popanda choitchinga, ndipo galimoto iliyonse yodutsa pa msewu wadothi imasiya fumbi lili kobo. Telala wa pakhonde alibe pothawira. Fumbilo limasakanikirana ndi timaubweya tochokera ku nsalu ndi ku ulusi, n'kukakhala pakati pa timbale. Kachitsotso kochepa ngati njere ya therere n'kokwanira kuletsa timbale kutsekeka. Pamenepo msoko umayamba kusinthasintha, pena wabwino pena wokhwepa, ndipo ichi ndi chizindikiro chakuti vuto si nati. Mankhwala ake ndi kukweza kaphazi, kupinda kansalu koyera kouma, ndi kukadutsitsa pakati pa timbale kangapo. Kunsi, mozungulira mano ndi kangowe, amasesa ndi kaburashi kapena nthenga ya nkhuku.

Mafuta ndi ofunika m'malo mokhulana zitsulo, koma pa timbale sathirapo, chifukwa ulusi umaterereka ndiponso umadetsa nsalu. Ena akasowa mafuta a makina amathira ophikira. Kumeneko ndi kudzipalira moto, pakuti mafuta ophikira akakhalitsa amanata ngati ulimbo ndipo amakola fumbi lonse. Makina ayeneranso kuvundikiridwa nthawi iliyonse imene sakugwira ntchito.

Singano nayo ili ndi milandu yake. Yobuntha kapena yopindika imadumpha misoko, imakoka nsalu, ndipo imalira kuti thu thu poboola. Masingano ali ndi manambala. Ya 11 ndi ya nsalu zopyapyala monga za mabulauzi, ya 14 ndi ya chitenje ndi malaya, ya 16 ndi ya khaki, ndipo ya 18 ndi ya jinzi ndi nsalu zina zokhuthala. Pa paketi pamalembedwanso manambala ena, 75, 90, 100 ndi 110, amene amanena za kunenepa kwa singano. Ya 100 ndi yonenepa milimita imodzi. Singano ili ndi kangalande kakatali mbali imodzi, m'mene ulusi umabisala poboola nsalu, ndipo ulusi uyenera kulowera mbali imeneyo. Ulusi wonenepa ukaikidwa m'singano yaing'ono umapanika m'diso, kamkono n'kulephera kuukoka bwino, ndipo kunsi kumaonekanso timakhwekhwe ngati kuti nati yakhwepa.

Za ulusi weniweniwo, chofunika kudziwa n'chakuti kachigawo kalikonse kamadutsa m'diso la singano kupita ndi kubwerera kambirimbiri kasadakhazikike m'nsalu. Ulusi wotchipa wokhala ndi timfundo, kapena umene wakhalitsa padzuwa mpaka kufumbwa, sungapirire zimenezi. Ndi bwinonso kuti wapamwamba ndi wapansi ukhale wa mtundu umodzi, ndi kuti bobini ikulungidwe mosalala, osati kutupa mbali imodzi.

Kupotokola nati

Zonsezi zikakhala bwino koma msoko n'kukhalabe wolakwika, pamenepo ndiye nthawi yogwira nati. Telala sayesera pa chovala cha mwini. Amatola kachidutswa kotsala pa nsalu yomweyo n'kukapinda pawiri, popeza msoko weniweni umalumikiza nsalu ziwiri. Wophunzira amachita bwino kuika ulusi wofiira pamwamba ndi woyera pa bobini, chifukwa pamenepo wolakwa sabisala. Wofiira ukaoneka kunsi, nati ipite kumanja. Woyera ukaoneka pamwamba, nati ipite kumanzere. Kaphazi kayenera kukhala pansi popotokola, ndipo kupotokola kwake ndi kwa pang'ono, theka la nambala basi. Akatero amasoka mzera wina pambali pa woyamba, n'kutembenuza, n'kuyerekeza. Nthawi zina pamafunika mizera isanu kapena isanu ndi umodzi. Munthu woima pambali amaona ngati telala akutaya nthawi, koma kumasula msoko wa diresi lonse ndi lezala kumatenga nthawi yoposa pamenepo, ndiponso kumasiya zibowo.

Pali njira ina yoyesera imene sidalira maso. Amasoka mzera mopingasa kansalu, kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, chifukwa mbali imeneyo nsalu imatamuka. Kenaka amagwira nsonga ziwiri ndi kukoka mwamphamvu. Ngati waduka ulusi umodzi wokha, umenewo ndiwo wakungitsa. Ngati aduka onse pamodzi, kapena osaduka n'komwe, ndiye kuti mphamvu zafanana.

Mlingo umene wakhala bwino pa khaki sukhala bwino pa nsalu iliyonse. Nsalu yopyapyala ili ndi malo ochepa obisamo kamfundo, choncho imafuna ulusi wochepa thupi wokungika pang'ono. Jinzi imafuna ulusi wonenepa, ndipo pamafunika mphamvu yochuluka kuti kamfundo kakwere kufika pakati. Atelala a masiku ano ntchito imeneyi yawachulukira chifukwa cha kaunjika. M'mawa umodzi wokha akhoza kulandira jekete, siketi yoterera ndi malaya otamuka ngati mphira, chilichonse ndi khalidwe lake. Nsalu zotamukazo ndiye zovuta koposa, pakuti msoko wowongoka sutamuka nazo, ndipo ukangokungika pang'ono umaduka povala.

Kasikuluu ka pansi

Ulusi wapansi nawo uli ndi chougwira. Pa kanyumba ka bobini pali kachitsulo kopyapyala kophwatalala kamene kamaupanikiza potuluka, ndipo kachitsuloko kamalamulidwa ndi kasikuluu kaja mnyamata ankafuna kumanga. Tinyumba tina tili ndi timasikuluu tiwiri. Ka kumapeto n'kongogwirizira kachitsulo, ndipo kapafupi ndi pakati ndiko kosinthira.

Kasikuluu kameneka atelala amakalemekeza. Makina akhoza kutha chaka chathunthu osakagwira, chifukwa kusintha kochuluka kumatheka ndi nati ya pamwamba. Kamagwiridwa pokhapokha nati yayesedwa uku ndi uku koma msoko osakhala bwino, kapena pamene munthu waika pa bobini ulusi wosiyana kwambiri ndi wa masiku onse. Asadakagwire amayamba wayang'ana ngati pansi pa kachitsulo kaja sipadalowe kachitsotso, pakuti nakonso kamakhwepetsa ulusi.

Kayesedwe kake ndi kosangalatsa kuona. Telala amaika bobini yodzaza m'kanyumba, amapititsa ulusi pansi pa kachitsulo, n'kunyamula kanyumbako ndi ulusi womwewo kuti kalendewere, dzanja lina atalitchera kunsi. Kakangotsetsereka kokha mpaka m'dzanja, ndiye kuti ulusi wakhwepa. Akagwedeza dzanja kamodzi koma iko osasuntha, ndiye kuti wakungitsa. Koyenera kamaima m'malere, ndipo akagwedeza kamatsika masentimita awiri kapena atatu n'kuimanso.

Apa ndi pamene pamafunika mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kasikuluu kali ndi mazinga ochepa kwambiri, motero sikapotokoledwa mozungulira ayi. Amangokasuntha monga momwe muvi wautali wa wotchi umasunthira pa mphindi zisanu, kumanja pomanga, kumanzere pomasula, kenaka n'kuyesanso. Wanzeru amayamba waona kumene kamzera ka pamutu pake kaloza, kuti zikakanika athe kubwerera pamene adayambira. Ntchitoyi amachitira pamwamba pa mbale kapena nsalu yoyera. Kasikuluuko ndi kochepa kuposa njere ya mapira, ndipo kakagwera m'dothi la pakhonde sikaonekanso. Telala wa kwa Wimbe kapena wa ku Chamama zikamuchitikira zotere, ndiye kuti makina aima kufikira atakwera galimoto kupita pa boma kukafuna kanyumba kena, pamene nsalu za eni zili mulu patebulo. N'chifukwa chake ena amasunga tinyumba tiwiri, kena ka ulusi wamba ndi kena ka ulusi wonenepa, kuti asamagwiregwire kasikuluu.

Mnyamata wa pa Chinkhoma tsiku limenelo sadaloledwe kubwerera ku kabudula msanga. Amalume ake adamupatsa zidutswa za khaki, bobini ya ulusi woyera ndi mpukutu wa ulusi wofiira. Adamuuza kuti asoke mzera umodzi nati ili pa 1, wina ili pa 2, mpaka kufika pa 9, ndipo pa mzera uliwonse alembepo nambala yake ndi choko. Atatha adayala zidutswazo padzuwa, nazitembenuza chimodzichimodzi. Pa 1 ndi pa 2 kunsi kudali kofiira. Pa 8 ndi pa 9 pamwamba padali timadontho toyera, nsalu itakwinyika. Pakati pa 4 ndi 5 ulusi wofiira udali pamwamba pokha, woyera kunsi kokha. Adasiya nati pamenepo, nabwezera ulusi wa khaki, nasoka kabudula uja kachiwiri.

Mayi mwini kabudula adabwera Lachisanu, pochokera ku chigayo. Sadayang'ane matumba kapena mabatani. Adamutembenuza kunja kukhala m'kati, nagwira mbali ziwiri za msoko wa pakati, nakoka ndi mphamvu zake zonse. Kenaka adamupinda, namuika m'dengu pamwamba pa thumba la ufa, namasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje kuti atulutse ndalama.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani atelala a ku Kasungu amatanganidwa kwambiri kuyambira mwezi wa Epulo?
2. Fotokozani kusiyana kwa singano ya pamanja ndi singano ya makina.
3. Kodi kamfundo ka maulusi awiri kayenera kukhala pati? Perekani chifukwa chake.
4. Mnyamata adalakwitsa chiyani polowetsa ulusi?
5. Telala waika ulusi wofiira pamwamba ndi woyera pa bobini. Atasoka, pamwamba paoneka timadontho toyera. Kodi apotolere nati mbali iti?
6. Tchulani zinthu zitatu zimene telala ayenera kuyang'ana asadagwire nati.
7. Pangani ziganizo zanu ndi mawu awa: kukunga, kukhwepa, lendelende, kunjuta, kutamuka.
8. Tengani malaya kapena diresi, mutembenuze, ndipo muyerekeze msoko wa kunja ndi wa m'kati. Lembani zimene mwaona.